Maginito, mlongoti, mpweya kapena dzuwa: kasetilaiti kakang'ono mungakakhazike ndi chani popanda mota?

Kasetilaiti kakangotuluka m'bokosi lake kumwamba kuja sikatuluka mwaulemu ayi, sipuling'i imakakankha ndiye kamatuluka kakugubuduzika ngati chigubu chopanda madzi chomwe mwana wachimenya chidendene, ndipo kumeneko kulibe choti nkukagwira, kakhoza kumangotembenuzika choncho miyezi. Pamenepo eriyo ikuyang'ana kwina, sola ikuona dzuwa mwa apo ndi apo, kamera ikujambula mdima. Masetilaiti akuluakulu ali ndi timawilo tamota mkati, timaroketi tating'ono, makamera owerenga nyenyezi ndi kompyuta yolamulira zonsezo. Koma CubeSat ya 1U ndi kabokosi ka masentimita 10 mbali zonse, kolemera kilo imodzi ndi pang'ono, magetsi ake mwina ma watt awiri, osakwana ndi a chaja ya foni. Muyezo umenewu anaukonza Jordi Puig-Suari wa ku Cal Poly ndi Bob Twiggs wa ku Stanford mu 1999 kuti ana asukulu za ukachenjede azitha kumanga okha, ndiye mumvetse kuti kuyambira pachiyambi nkhani yake inali ya anthu a m'thumba mopepuka.

Ndiye funso nlakuti, bwanji osangosiya chilengedwe chigwire ntchito? Mphamvu zaulere kumwambako zilipo: maginito a dziko lapansi, mphamvu yokokera zinthu pansi, timpweya totsalira, kuwala kwa dzuwa, kuphatikizapo kungokazunguza ngati nguli. Zonse zinayesedwapo ndipo zonse zimagwira, koma iliyonse ili ndi khalidwe lake loipa.

Ndisanayambe kuyerekeza pali chinthu chimodzi chimene ambiri amachidumpha, pomwe kwa ine ndiye mwini nkhani. Tengani kamaginito kamphamvu kaja ka mu hard drive yakufa, mukamange pa ulusi, mukapachike pa mpando. Kamafuna kuloza kumpoto, inde, koma sikaima, kamapitirira, nkubwerera, nkupitiriranso, mpaka mutopa nako kuyang'ana. Kenako ikani chivundikiro cha poto wa aluminiyamu pansi pake, pafupi kwambiri koma osakhudza. Mudzaona kakufooka msanga nkuima, chikhalirecho aluminiyamu sakokedwa ndi maginito nkomwe. Zimene zachitika nzakuti kuyenda kwa maginito kwadzutsa timagetsi tozungulira m'chivundikiromo ndipo timagetsi timeneto tadya mphamvu ya kugwederako nkuisandutsa kutentha. Njira zonse zomwe nditchule apa zili ndi mbali ziwiri zimenezi, china chokokera setilaiti komwe mukufuna, ndi china chopha kugwedera. Choyamba chokha ndi katungwe wopanda womuimitsa, ndipo kumwamba kulibe mphepo yoti imuthandize kuima.

Tiyambe ndi maginito poti ndi omwe ma CubeSat ambiri a ophunzira anathawirako. Mumaika maginito okhazikika, a alnico kapena neodymium, motsata mbali imodzi ya kabokosi, basi kasetilaiti kasanduka muvi wa kampasi. Pambali pake, mopingasa, mumaika tizitsulo topyapyala totalika ta hysteresis, topangidwa ndi chitsulo chofewa chosakaniza nickel ndi iron, monga HyMu-80 kapena permalloy. Tizitsulo timeneti setilaiti ikamatembenuka timalowa maginito nkuwatayanso, kulowa nkuwatayanso, ndipo ulendo uliwonse kamphamvu pang'ono kamathera m'kutentha. Palibe waya, palibe pulogalamu, palibe batire. Kompyuta ikafa maginito sadziwa nkomwe kuti kwagwa maliro, amangopitiriza ntchito. Nzeruyi si ya lero, a ku Applied Physics Laboratory (APL) ya yunivesite ya Johns Hopkins ku America anaigwiritsa ntchito pa ma setilaiti a Transit kuyambira 1960, ndipo pamene ma CubeSat oyamba ananyamuka ku Plesetsk mu June 2003, XI-IV ya University of Tokyo inadalira njira yomweyi.

Mphamvu yake ndiyochuluka mukaiyerekeza ndi zinzake. Maginito a dziko pansi pano amakhala pakati pa 25 ndi 65 microtesla (muyezo wa mphamvu ya maginito) kutengera malo, kumwamba kwa makilomita 500 amachepako pang'ono, ndipo kamaginito kochepa ngati chala chaching'ono mkati mwa 3U (CubeSat ya timabokosi titatu ta 1U tolumikizana) kamakoka kuposa ka 100 poyerekeza ndi mphamvu yokokera pansi pa bokosi lomwelo. Ndiye ukaika maginito, zina zonse zimakhala chete.

Koma muvi wa kampasi suloza dziko, umatsata mizere ya maginito, ndipo mizere imeneyo imapindika. Pa equator ya maginito imagona chopingasa, cha kumpoto imalowa pansi, cha kummwera imatuluka kuloza kumwamba. Setilaiti yodutsa ku ma pole onse awiri imatembenuka kawiri kathunthu paulendo umodzi wa mphindi 90 ndi kanthu. Apa mpamene ife akummwera kwa equator tiyenera kutsegula maso. Yunivesite ya ku Ulaya kapena ku America imaika maginito moti eriyo kapena kamera iziyang'ana pansi ikamadutsa kwawo, ndiye inu mukangokopera pulani yawo osaganiza, kasetilaiti kanu kakamadutsa pa Lilongwe kapena Lusaka kamera ikhala ikuyang'ana nyenyezi. Kukonza kwake nkongotembenuza maginito basi, koma ziyenera kuchitika pa tebulo, kumwambako kulibe makaniko. Onjezani kuti kummwera kwa Africa kuno maginito a dziko ndi ofooka chifukwa tili m'mphepete mwa dera lija amati South Atlantic Anomaly, lomwe a SANSA, bungwe la South Africa loona za mumlengalenga, ku Hermanus amaliyeza tsiku ndi tsiku.

Vuto lachiwiri, maginito amagwira mbali imodzi yokha, setilaiti imathabe kuzungulira pa mzere wa maginitowo ngati nyama pa kamtengo kowotchera. Lachitatu, ndipo ili ndi limene limapweteka, tizitsulo ta hysteresis ndi tovuta kuwerengetsera. Delfi-C3 ya TU Delft ku Netherlands, yomwe inakwera mu April 2008, inatenga miyezi kuti ifatse pomwe masamu apansi ankalonjeza kanthawi kochepa. Pomwe CSSWE ya ophunzira a University of Colorado, ya mu 2012, inakhazikika patangotha pafupifupi sabata imodzi nkumatsata mizere ya maginito mosapatuka kuposa madigiri 15 kapena apo, chifukwa anyamatawo anayeza tizitsulo tawo tenitenito mu labu m'malo mokhulupirira manambala a pa pepala la wogulitsa. Kazitsulo kakafupika kapena mukatithinanitsa tambiri pamodzi, kapena tikayandikana kwambiri ndi maginito aakulu aja nkukhuta, mphamvu yake imatsika koopsa. Komanso ngati setilaiti yanu ntchito yake nkuyeza maginito a dziko, iwalani njira iyi, zili ngati kufuna kumva kunong'ona uli pafupi ndi chigayo. Ndipo eni roketi nawo ali ndi malire a kuchuluka kwa maginito omwe amalola, safuna tisetilaiti tizimatirirana tikatuluka.

Tsopano mlongoti. Njira iyi ndimaikonda chifukwa ndi yomwe mwezi umagwiritsa ntchito, nchifukwa chake agogo athu ndi ife taona nkhope imodzimodzi ya mwezi. Mphamvu yokokera pansi imachepa ukamatalikira dziko, ndiye chinthu chachitali chikakhala mu orbit (njira yozungulira dziko), nsonga yapansi imakokedwa kwambiri pang'ono kuposa yapamwamba, ndipo kusiyana kochepetsetsa kumeneko kumachiimika chilili, nsonga imodzi kuloza pakati pa dziko. Azungu amati gravity gradient. Ubwino wake ndi uwu: ndi njira yokhayo mwa zonsezi yomwe imakupatsa chimene anthu ambiri amafuna, nkhope imodzi kuyang'ana pansi nthawi zonse, kaya uli ku pole kaya pa equator.

Kabokosi ka 1U kofanana mbali zonse sikamva kanthu, nchifukwa chake pamafunika mlongoti wotambasuka wokhala ndi kolemera kunsonga. Masamu ake ndi okoma, mphamvu imakwera ndi sikweya ya kutalika, mlongoti ukatalika kawiri phindu limakwera kanayi, ndiye magalamu 100 pansonga ya mita imodzi amaposa kale katatu zomwe thupi la 3U limapereka palokha. Ambiri pa tisetilaiti tating'ono amagwiritsa ntchito chitsulo chonga tepi yoyezera ya akalipentala ija, yopindika pakati, imakulungika bwino koma ikatambasuka imauma gwa. APL yomwe ija inayesa pa setilaiti ya TRAAC mu 1961 mlongoti nkukanika kutuluka, zinadzatheka mu 1963 pa Transit 5A-3. A University of Surrey anamanga mbiri yawo pa masetilaiti awo a UoSAT okhala ndi mlongoti wa mamita 6, ndipo pa 23 February 1999 roketi imodzi ya Delta II inanyamula SUNSAT ya Stellenbosch University, setilaiti yoyamba ya South Africa, pamodzi ndi Ørsted ya Denmark yomwe mlongoti wake unali wa mamita 8. Zonse ziwiri zinali ndi mlongoti.

Koma taonani bwino, omanga UoSAT, SUNSAT ndi Ørsted sanasiye mlongoti wokha, anaonjezera makoyilo a magetsi opanga maginito, ndipo SUNSAT inalinso ndi timawilo. Chifukwa chake ndi katungwe uja. Setilaiti ya mlongoti imapendama uku ndi uku pang'onopang'ono, ulendo umodzi pafupifupi ola, ndipo popanda chodya mphamvu siisiya. Chachiwiri, mphamvu yokokera pansi sisamala kuti nsonga iti ili pansi. Mutu pansi miyendo m'mwamba nakonso nkukhazikika kwabwinobwino malinga ndi masamu, ndiye ukatambasula mlongoti pa nthawi yolakwika kamera yako iyang'ana kumwamba mpaka kale. Polar BEAR ya ku America, yomwe inakwera mu 1986, inali bwino ndithu kenako mu 1987 inadzangotembenuka chadodolido, ndipo omwe anafufuza analoza chala kupindika kwa mlongoti ndi kutentha kwa dzuwa, mbali yoyang'ana dzuwa imafutukuka kuposa ya kumthunzi. Chachitatu, uyenera kuyamba waifatsitsa setilaiti usanatulutse mlongoti, apo ayi mphamvu yofookayi singaigwire. Chachinayi, kuzungulira pa mzere wa mlongotiwo sikugwiridwa. Ndiye mukamva wina akuti gravity gradient ndi yaulere, mufunseni kuti nanga kamakina kotulutsira mlongoti, komwe kali ndi mwayi umodzi wokha wogwira ntchito patatha miyezi kali chopindidwa, wakawerengera? Ikayenda bwino imakupatsa madigiri 5 mpaka 10, zokwanira eriyo ndi kamera yoona dera lalikulu, osati yoti muwerenge nayo madenga a malata ku Ndirande.

Ndipo musaphatikize mlongoti ndi maginito okhazikika amphamvu, zimalimbana, wina akuti loza pansi wina akuti tsata kumpoto. Tizitsulo ta hysteresis tokha ndiye timagwirizana ndi mlongoti, ngakhale natonso timaikoka pang'ono nkuipendeketsa.

Mpweya. Anthu amati kumwamba kulibe mpweya koma pa makilomita 300 kapena 400 ulipo wochepa kwambiri, ndipo ukamathamanga makilomita 7.7 pa sekondi ngakhale wochepawo umamveka. Nzeru yake ndi ya muvi wa uta, kolemera kutsogolo nthenga kumbuyo. Mukatambasula masola kumbuyo mopendeketsa ngati kampira ka badminton, malo omwe mpweya umakankha amakhala kumbuyo kwa pakati pa kulemera, ndiye mphuno imaloza komwe setilaiti ikupita. A Soviet Union anayesa pa Kosmos 149 mu 1967, NASA inatulutsa kasetilaiti kotchedwa PAMS (Passive Aerodynamically Stabilized Magnetically Damped Satellite) kuchokera mu shuttle Endeavour mu May 1996, kolemera mbali imodzi ngati chitini chothira mtovu pansi, ndipo dzina lake lomwe likunena kuti kugwedera ankakupha ndi tizitsulo ta maginito. GOCE ya European Space Agency, yomwe inauluka pafupifupi makilomita 255 kuchokera 2009 mpaka 2013, inali yowongoka ngati muvi ndi zipsepse zake, koma iyo inali yaikulu ndipo inali ndi injini ya ion yobwezera liwiro lomwe mpweya unkadya.

Pamenepo mpomwe pagona vuto, chomwe chikukuwongola ndi chomwenso chikukugwetsa. Nthenga zikakula setilaiti imakhazikika bwino koma masiku ake amafupika. Yotulutsidwa ku International Space Station, pa makilomita 400, monga ZimSat-1 ya anzathu a ku Zimbabwe mu 2022 kapena 1KUNS-PF ya Kenya mu 2018, imakhala kale ndi moyo wa miyezi kapena chaka chimodzi mwina ziwiri, ndiye kuionjezera mchira nkuifulumizitsa kumanda. Mukakwera kupitirira makilomita 500 mpweya umachepa moti mphamvu zina zimaugonjetsa. Komanso mpweya wakumtundawu sukhala chimodzimodzi, masana umafufuma usiku umaphwa, ndipo dzuwa likalusa m'nyengo yake ya zaka 11 umachuluka kangapo. Mu February 2022 SpaceX inataya ma Starlink 38 mwa 49 omwe inali itangokweza kumene chifukwa namondwe wochokera ku dzuwa anafufumitsa mpweya pomwe anali. Ndiye njira iyi ndi ya munthu amene ntchito yake ikufuna mphuno kutsogolo, monga kuyeza mpweya womwewo, ndipo wavomera kale kuti setilaiti yake siikalamba.

Nguli ndiye aliyense amaidziwa, ikamazungulira mwamphamvu siigwa. Setilaiti yozunguzidwa imasunga mzere wake kuloza malo amodzi pakati pa nyenyezi, timphamvu tating'ono tija sitiisuntha msanga, ndipo kutentha kwa dzuwa kumagawanika bwino mbali zonse. Phunziro lake lalikulu linabwera ndi Explorer 1, setilaiti yoyamba ya America, mu January 1958. Inali yaitali mamita awiri ngati pensulo ndipo anaizunguza pa mzere wa kutalika kwake, maulendo 750 pa mphindi. Pasanapite nthawi inayamba kuyenda chopendama mpaka inadzazungulira chopingasa ngati ndodo yoponyera mango. Tima eriyo take tinayi tofewa tinkagwedera nkumadya mphamvu, ndipo chinthu chozungulira chikamataya mphamvu chimathera pozungulira ngati mbale, osati ngati pensulo. Ndiye onani 3U, ndi pensulo yeniyeni, masentimita 10 kwa 10 kwa 30 ndi pang'ono. Mukaizunguza m'litali osaiyang'anira ikuchitani za Explorer 1. Apa chodya mphamvu chija, chomwe kwina konse ndi bwenzi, chimasanduka mdani ngati thupi la setilaiti silili ngati mbale. Komanso nguli siloza pansi, ndipo kuti muizunguze ndi kuilozetsa pamafunikabe makoyilo kapena thandizo la roketi.

Kuwala kwa dzuwa ndingodutsapo chifukwa pafupi ndi dziko ndi kofooka kwambiri, ma micronewton (muyezo wa kukankha kochepetsetsa) 4.5 pa sikweya mita yakuda, 9 pa yonyezimira ngati galasi, nyerere ikhoza kuseka. Kumagwira ntchito kutali komwe kulibe mpweya ndipo maginito a dziko safikako. Mariner 10 inapulumutsa gasi wake popendeketsa masola paulendo wa ku Mercury, telesikopu ya Kepler itathyoka mawilo awiri mwa anayi mu 2012 ndi 2013 anaiyendetsabe poitsamiritsa pa kukankha kwa dzuwa, IKAROS ya Japan mu 2010 inali ndi timagalasi ta LCD m'mphepete mwa thanga lake tosintha kunyezimira. Koma yomwe imandisangalatsa ine ndi ya anthu a wailesi a AMSAT pa ma Microsat awo a mu 1990: anapenta ma eriyo mbali imodzi yoyera ina yakuda, kuwala nkumakankha koyera kuposa kwakuda, kasetilaiti nkumazungulira pang'onopang'ono pa mzere wa maginito ake kuti mbali imodzi isapse ndi dzuwa. Maginito agwira mzere, penti wazunguza, tizitsulo ta hysteresis tikuletsa kuti liwiro lisapitirire. Penti chabe abale.

Nanga nditapatsidwa ine gulu la ophunzira ndi 1U yoyamba, ndalama zoperewera, cholinga nkumva kulira kwake pa wailesi ndi kutumiza timauthenga? Maginito ndi hysteresis, osaganiza kawiri, ma eriyo a UHF ndi VHF omva mbali zonse safuna kuloza kolondola, ndipo nthawi yomwe tikanathera pa timawilo ndingaithere poyeza tizitsuloto mu koyilo ya Helmholtz, chida cha mu labu chopangira maginito odziwika mphamvu yake. Ngati pali kamera yofunika kuona nyanja ya Malawi kapena minda, ndipo orbit ili pa makilomita 500 mpaka 800, ndingapite ku mlongoti koma ndi makoyilo atatu pambali, ngakhale zikutanthauza kuti sitilinso pa zaulere zenizeni. Makoyilo amenewa, ma magnetorquer, amatsamirabe pa maginito a dziko omwe aja, amadya magetsi ochepa, mutha kuwajambula pa bolodi la sola lomwelo, ndipo ndi kapulogalamu kakafupi kotchedwa B-dot amafatsitsa setilaiti m'maola ochepa m'malo mwa masabata. Kusiyana kwake ndi maginito okhazikika nkwakuti awa umatha kuwazimitsa. Okhazikika aja ukawamata wawamata, tsiku lomwe udzafune kutembenuza setilaiti kuti ione china adzakukaniza. Pansi pa makilomita 400, mlongoti wautali umayamba kukankhidwa ndi mpweya nkupendama, ndiye kumeneko ndi bwino kungogwirizana nawo mpweyawo nkumanga muvi. Ndipo ngati ntchito ikufuna kuloza mosaphonya digiri imodzi, monga kamera yoona zinthu zing'onozing'ono kapena eriyo ya X-band yofuna kulunjika bwino pamalo olandirira uthenga, palibe mwa njira zonsezi imene ingafikeko, gulani timawilo.